Mbiri ya Nthenda Yobisala m'Chiwindi

Munthu wochokera ku Limbe akadutsa pa Bvumbwe nalowa m'dziko la Thyolo, aona minda ya tiyi yobiriwira, yoyalidwa pa zitunda monga mphasa. M'mamawa, nkhungu isanachoke, amuna ndi akazi ali kale m'mizere ndi madengu kumsana, kuthyola nsonga za masamba. Ambiri a iwo ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anagwira ntchito yomweyi kale. Makolo awowo tsopano akalamba, ndipo ali kupuma m'midzi yozungulira mindayo.

Nkhani ino ikhudza makamaka okalambawo, pakuti ili ya nthenda imene ilowa m'thupi munthu akali mnyamata, nikhala chete zaka 20 kapena 30, nidzaonekera imvi zitamera. Dzina lake ndi kutupa chiwindi kwa mtundu wa C, ndipo madokotala aitcha hepatitis C. Mbiri yake ili yodabwitsa pa zinthu ziwiri. Choyamba, m'maiko ambiri inafala ndi chida chimene chinadza kudzachiza anthu, ndicho singano ya jakisoni. Chachiwiri, nthenda imeneyi, imene mu 1988 inalibe dzina lakelake, lero ichizika ndi mapiritsi m'miyezi itatu.

TIYI, ANTHU NDI SINGANO

Tiyi anadzalidwa monga mbewu ya malonda ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo pambuyo pake anafika ku Thyolo, kumene Azungu masiku amenewo analemba Cholo. Minda inakula msanga nkhondo yaikulu yoyamba itatha. Munda wa Satemwa, mwachitsanzo, unatsegulidwa ndi Maclean Kay mu 1923. Ntchito ya tiyi ifuna manja ambiri, ndipo eni dziko, Amang'anja, sanakwanire. Chotero Alomwe ambirimbiri anadza kuchokera ku dziko la Apwitikizi, limene lero ndi Mozambique, nakhala pa minda ya Azungu. Kumeneko analipira malo okhalapo ndi thukuta lawo, mwa mwambo wowawa uja wa thangata, umene unathetsedwa mu 1962.

Pamene anthu akhala mothithikana, matenda nawonso achuluka. Kunali malungo, zilonda zosapola za m'miyendo, likodzo, njoka za m'mimba, chindoko ndi khate. Pa minda ikuluikulu panamangidwa tizipatala, pamene wothandiza dokotala anali kutsuka zilonda ndi kugawa kwinini. Ku Makwasa kunali mishoni ya Malamulo, imene mpingo wa Seventh-day Adventist unayamba mu 1902, ndipo m'zaka za m'ma 1920 mbiri yake inamveka kutali chifukwa cha kusamala akhate.

Mwa zonse zimene asing'anga achizungu anabwera nazo ku Afrika, palibe chimene anthu anachikhulupirira koposa jakisoni. Chifukwa chake chinali choonekeratu. Munthu wa zilonda za chindoko akabayidwa kangapo, zilonda zinauma. Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945 kunafika mankhwala a penisilini, ndipo wodwala chibayo amene abale anali atamtaya kale mtima anadzuka napempha phala. Tsono wodwala akapatsidwa mapiritsi okha, anabwerera kwawo ali kudandaula kuti sanamthandize. Poona ichi, anthu ena osaphunzira za udokotala anayamba kuyendayenda m'midzi ndi singano m'thumba, kubaya anthu ndi kulandira ndalama.

Koma jakisoni wa masiku amenewo sanali monga wa lero. Botolo lake linali lagalasi, singano yake yachitsulo, ndipo zonse ziwiri zinagwira ntchito kambirimbiri. Lamulo linali lakuti aziphike m'madzi owira asanabaye munthu wina. Odwala akakhala owerengeka, lamuloli linasungika. Koma mzere ukatalika, singano zili zochepa ndi dzuwa lili kupendeka, kuphikako kunafupika, ndipo nthawi zina anangotsukuluza. Izi zinachitika m'maiko ambiri, ndi ku Ulaya komwe. Ogwira ntchitowo sanali anthu oipa. Anali kufuna kuthandiza onse usiku usanagwe, ndipo kachirombo ka C pa nthawiyo kanali kasanadziwike ndi munthu aliyense.

CHIWINDI NDI KADWALIDWE KAKE

Aliyense amene anasendapo mbuzi adziwa chiwindi, nyama yofewa ija yofiira moderako, imene ili ndi kathumba ka ndulu. Mwa munthu chiwindi chikhala ku dzanja lamanja, kunsi kwa nthiti, ndipo kulemera kwake kuli ngati kilogalamu imodzi ndi theka. Ntchito yake ifanana ndi ya fakitale ya tiyi. Monga masamba onse a m'munda apita kufakitale kukakonzedwa asanatumizidwe kwa ogula, momwemonso chakudya chochokera m'matumbo chiyamba chadzera m'chiwindi. Mmenemo chabwino chisungidwa kapena kutumizidwa m'thupi, choipa chichotsedwa, ndipo ndulu ipangidwa ya kugaya mafuta.

Kachirombo ka C kali kakang'ono kwambiri, kosaoneka ndi maso. Kakalowa m'magazi kapita kukakhala m'chiwindi ndi kuswana mmenemo. Mwa anthu 10 amene kawalowa, pafupifupi 8 samva kanthu poyamba. Otsalawo adwala patapita milungu iwiri kufikira miyezi 6. Thupi litentha, munthu atopa, safuna kudya, amva nseru, asanza, m'mimba mupweteka ndi mfundo ziphwanya. Mkodzo uda monga tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chituwa, ndipo maso asanduka achikasu. Zambiri mwa zizindikirozi zifanana ndi za malungo, kotero kuti munthu akapezako bwino aiwala msanga.

Mwa anthu 10, pafupifupi 3 thupi lawo ligonjetsa kachiromboka lokha m'miyezi 6. Mwa 7 otsalawo kakhalabe, ndipo kagwira ntchito monga chiswe m'nsanamira: kunja mtengo uoneka wamphumphu, koma m'kati uli kudyeka. Munthu alima, athyola tiyi, akwatira, abala ana, osadziwa kanthu. Chaka ndi chaka chiwindi chichita zipsera, ndipo mwa anthu 100 otere, pakati pa 15 ndi 30 chiwindi chawo chiuma ndi kukwinyika m'zaka 20. Pamenepo mimba itupa ndi madzi, miyendo itupa, thupi liwonda, ena asanza magazi, ena nzeru zisokonezeka, ndipo ena agwidwa ndi khansa ya chiwindi. Womwa kachasu kapena mowa wina wambiri afika msanga pamenepa, chimodzimodzinso amene ali ndi kachirombo ka HIV.

Kumudzi, mkulu akatupa mimba chotere, kawirikawiri anthu aganiza za ufiti, nayamba kuyang'anana ndi diso loipa. Chonsecho chimene chamdwalitsa chingakhale kadontho ka magazi kamene kanamlowa iye asanakwatire.

MMENE KACHIROMBOKA KANAPEZEKERA

Nthenda ya chikasu idziwika kuyambira kalekale, makamaka pakati pa asilikali pa nthawi ya nkhondo. Mu 1942 asilikali a ku America pafupifupi 50,000 anadwala chikasu atalandira katemera amene anapangidwa mosakaniza ndi madzi a m'magazi a anthu. Tsoka limeneli linaphunzitsa madokotala kuti chikasu china chiyenda ndi magazi. Mu 1947 dokotala wa ku Britain, F. O. MacCallum, anagawa nthendayi pawiri. Imene idza ndi madzi akuda ndi chakudya chauve anaitcha A, ndipo imene idza ndi magazi anaitcha B.

Mu 1965 Baruch Blumberg wa ku America analengeza za chizindikiro chachilendo chimene anachipeza m'magazi a munthu wa ku Australia, ndipo posachedwa chinadziwika kuti chinali cha kachirombo ka B. Kachirombo ka A kanaoneka mu 1973. Tsono madokotala anakondwa, nayesa kuti mlandu watha, pakuti anatha kuyeza magazi asanawathire mwa wodwala.

Koma pa chipatala cha kafukufuku cha ku Bethesda, ku America, panali dokotala wina dzina lake Harvey Alter, amene anali kusunga magazi a odwala onse olandira magazi ndi kuwatsatira miyezi yambiri. Cha m'ma 1970, mwa odwala 100 ochitidwa opaleshoni ya mtima kumeneko, pafupifupi 30 anadwala chiwindi pambuyo pake. Magazi a B atayamba kutayidwa, odwalawo anachepa, koma sanathe. Mu 1975 Alter ndi anzake anaonetsa kuti ambiri mwa otsalawo analibe A, analibenso B. Posowa dzina anangoitcha nthenda yosakhala A yosakhalanso B. Mu 1978 anabaya magazi a odwalawo mwa anyani aakulu otchedwa chimpanzi, ndipo anyaniwo anadwala chiwindi. Pamenepo panalibenso kukayika kuti kachirombo kachitatu kalipo.

Kudziwa kuti chilombo chilipo ndi kuchigwira ndi zinthu ziwiri. Zaka zoposa 10 zinapita, anthu anzeru a m'maiko ambiri ali kusaka osapeza. Ku California, pa kampani ya Chiron, Michael Houghton ndi anzake awiri, Qui-Lim Choo ndi George Kuo, anagwira ntchitoyi zaka zoposa 6, mothandizana ndi Daniel Bradley amene anawapatsa magazi a anyani odwala. Anayesa tizidutswa mamiliyoni ambiri, ndipo tonse tinapita pachabe kupatula kamodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1989 analengeza kuti akapeza, nakatcha kachirombo ka C. Mu 1990 maiko olemera anayamba kuyeza magazi onse operekedwa, ndipo kudwala chiwindi chifukwa cha kulandira magazi kunatsala pang'ono kutheratu kumeneko. Mu 1997 Charles Rice anatsimikiza kuti kachiromboka pakokha ndiko kadwalitsa. Chifukwa cha ntchito imeneyi Alter, Houghton ndi Rice analandira mphotho ya Nobel mu 2020.

ZIMENE ZINAONEKA KU EGYPT NDI KU CAMEROON

Njira yoyezera itapezeka, madokotala anayamba kuyeza anthu m'maiko osiyanasiyana, ndipo anadabwa ndi dziko la Egypt, lija m'Buku Lopatulika litchedwa Aigupto. Kumeneko nthendayi inali yochuluka koposa kwina kulikonse. Mu 2008 Boma la dzikolo litayeza anthu a zaka 15 kufikira 59, linapeza kuti mwa anthu 100 pafupifupi 15 kachiromboka kanawalowapo.

Pofufuza chifukwa chake, anapeza likodzo. Alimi a m'mbali mwa mtsinje wa Nile agwira ntchito m'ngalande za madzi, ndipo likodzo linawasautsa kuyambira makedzana. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kufikira za m'ma 1980 Boma linatuma magulu a zaumoyo m'midzi kukabaya anthu mankhwala a likodzo otchedwa tartar emetic. Mankhwalawa anali obaya mumtsempha, ndipo munthu mmodzi anayenera kubayidwa koposa ka 10. Anthu mamiliyoni anaima pa mizere, akulu ndi ana a sukulu, ndipo singano zinali zochepa. Mwa njira iyi likodzo linachepa, koma kachirombo ka C kanayenda kuchoka mkono wina kunka mkono wina. Kubayako kunaleka pamene kunafika mapiritsi a praziquantel, omwe aja ana a sukulu alandira m'Malawi muno.

Ku Cameroon kunaonekanso zotere. Pa nthawi ya ulamuliro wa Afalansa anthu ambiri anabayidwa mankhwala a kaodzera, a malungo ndi a matenda ena. Mu 2010 dokotala wa ku Canada, Jacques Pépin, ndi anzake analemba za okalamba a zaka 60 ndi kuposa a mumzinda wa Ebolowa. Oposa theka la iwo kachiromboka kanawalowapo, ndipo kanapezeka kwambiri mwa amene kale anabayidwa mankhwala a malungo mumtsempha. Chotero m'maiko awiri onsewa magazi a okalamba anasunga mbiri ya zimene zinachitika ali ana.

ZIMENE ZINAPEZEKA KU BLANTYRE

Nanga m'Malawi muno zili bwanji? Yankho lomveka linadza mu 2022, pamene Alexander Stockdale ndi madokotala anzake analengeza zimene anapeza ku Blantyre, mzinda umene uli pafupi ndi Thyolo. Anasankha mwamaere anthu oposa 1,600 a zaka 16 ndi kuposa, nawayeza magazi. Anayezanso odwala 236 a chiwindi chouma ndi a khansa ya chiwindi pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kumene odwala kwambiri a ku Thyolo atumizidwa.

Mbali ina ya zimene anapeza inali yokondweretsa. Mwa anthu 1,000 a m'makomo, pafupifupi 2 okha ndiwo anali ndi kachirombo ka C. Mwa odwala 100 a chiwindi chouma anali pafupifupi 2, ndipo mwa 100 a khansa ya chiwindi anali 5. Kunena kwina, Malawi sali monga Egypt. Nthenda ya chiwindi yochuluka muno ndi ya mtundu wa B, imene ili ndi katemera wake, ndipo ana a m'Malawi anayamba kumlandira mu 2002.

Koma mbali ina ili yofunika kuisunga. Amene anapezeka ndi kachirombo ka C anali achikulire. Pakati pa odwala a m'chipatala, msinkhu wapakati wa amene anali nako unali zaka 68, pamene wa anzawo opanda kachiromboka unali zaka 40. Odwalawo anachokera ku madera ozungulira mzindawo. Madokotalawo anaona kuti ichi chiloza ku njira yakale ya kafalidwe, imene inagwira ntchito anthuwo ali achinyamata.

Munthu wa zaka 68 kapena 70 lero anakula m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Ndiwo masiku a singano yophika, masiku amene wodwala wosowa magazi anathiridwa a mbale wake popanda njira yowayezera kachiromboka, ndiponso masiku amene lumo limodzi linatema mphini banja lonse. Okalamba a m'midzi ya ku Thyolo, Luchenza, Makwasa ndi Thekerani ndi a mbadwo womwewo.

NJIRA ZAKE NDI KUZITSEKA KWAKE

Kachirombo ka C kayenda pamene magazi a munthu wina alowa mwa mnzake, ngakhale kadontho kosaoneka, ndipo kakhoza kukhala ndi moyo masiku angapo pa chitsulo chimene magazi aumirapo. Njira zake zazikulu ndi singano yobaya anthu awiri, magazi osayezedwa, ndi zida zodulira zobwerekana: lumo la mphini, mpeni wa kumdulidwe, lezala lometera, singano yoboolera makutu. Mswachi nawonso suyenera kubwerekana, pakuti nkhama zituluka magazi. M'maiko olemera kafala makamaka pakati pa anthu odzibaya mankhwala ozunguza bongo. Mayi akhoza kupatsira mwana pobereka, koma mwa ana 100 otere ndi 5 kapena 6 amene atenga. Pogonana kayenda mwa apo ndi apo, makamaka pamene pali zilonda kapena HIV.

Pali zina zimene anthu aopa pachabe. Kachiromboka sikayenda ndi nsima ya m'mbale imodzi, kapena chikho cha thobwa, kapena madzi a pachitsime. Sikayenda ndi kupatsana moni, kukumbatirana, kutsokomola, kapena kulumidwa ndi udzudzu. Mayi amene ali nako ayamwitse mwana wake, pokhapokha ngati mawere ang'ambika ndi kutuluka magazi. Chotero palibe chifukwa chopatulira wodwala mbale yakeyake, kapena kumchotsa ntchito, kapena kumsala m'mudzi.

Zitseko zambiri zakale zatsekedwa. Edzi itadziwika m'Malawi mu 1985, anthu anaphunzira kuopa magazi, ndipo singano yapulasitiki yobaya kamodzi n'kutaya inalowa m'malo mwa yagalasi ija. Mu 2003 kunakhazikitsidwa bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene litenga magazi kwa anthu opereka mwaufulu ndi kuwayeza HIV, chindoko, ndi tizirombo ta chiwindi ta B ndi C asanawatumize m'zipatala. Zitseko zotsala zili m'manja mwa eni mudzi. Wopita kukabayidwa aone ndi maso ake singano ili kutuluka m'pepala lomata. Wotema mphini ndi wodula anyamata akhale ndi lumo latsopano pa munthu aliyense. Wodzitema ndi mpeni wodulira tiyi atsuke chilonda nachimange, ndipo womthandiza atchinge manja ake. Kusamala kotere kuli kofunika koposa chifukwa mtundu wa C ulibe katemera.

MBIRI YA MANKHWALA

Mankhwala oyamba anali jakisoni wa interferon, amene analoledwa ku America mu 1991. Anachiza anthu owerengeka okha. Mu 1998 anamphatikiza ndi mapiritsi a ribavirin, ndipo cha m'ma 2001 anamkonzanso kuti abayidwe kamodzi pa mlungu. Ngakhale zinatero, njirayi inali yowawa. Wodwala anabayidwa milungu 24 kufikira 48, ali kumva ngati malungo osatha, magazi ali kuchepa, mtima uli wachisoni, ndipo potsiriza pafupifupi theka lokha la odwala ndilo linachira. Mtengo wake unali wosafikirika kwa anthu a m'maiko osauka.

Kusintha kwakukulu kunadza mu December 2013, pamene ku America analola mapiritsi a sofosbuvir, amene aletsa kachiromboka kuswana. Pambuyo pake kunadza ena ogwira nawo ntchito pamodzi, monga daclatasvir ndi velpatasvir. Wodwala amwa mapiritsi tsiku ndi tsiku milungu 12, kapena 24 ngati chiwindi chaonongeka kwambiri, ndipo mwa anthu 100 oposa 95 achira, kachirombo katheratu m'thupi. Apa nthendayi isiyana ndi HIV, imene mankhwala ake amwedwa moyo wonse.

Koma poyamba chimwemwe chinali cha olemera okha. Kampani ya Gilead inaika mtengo wa madola 1,000 pa piritsi limodzi, ndiye kuti madola 84,000 pa milungu 12. Anthu a m'maiko ambiri anadandaula kolimba. Mu 2014 kampaniyo inalola mafakitale a ku India kupanga mankhwala omwewo a maiko osauka, ndipo mtengo unatsika chaka ndi chaka, kufikira m'maiko ena mankhwala a munthu mmodzi anagulidwa ndi ndalama zosafika madola 100.

Egypt, dziko limene linavutika koposa, ndilo linatsogolera. Linayamba kupanga mankhwalawa lokha, ndipo kuyambira October 2018 kufikira April 2019 linayeza anthu pafupifupi 50 miliyoni m'midzi, m'misika ndi m'malo a ntchito, nilichiza kwaulere amene anapezeka nako. Mu October 2023 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, linalemekeza Egypt monga dziko loyamba kufika pa mlingo wapamwamba wa njira yothetsera nthendayi. Rwanda nayonso inayamba ntchito yotere mu 2018. Maiko a m'bungweli anapangana mu 2016 kuti pofika 2030 matenda otupa chiwindi asakhalenso choopsa cha anthu ambiri. Ulendo ukali wautali, pakuti mu 2022 anthu pafupifupi 50 miliyoni anali ndi kachirombo ka C pa dziko lonse, ndipo pafupifupi 242,000 anafa nako chaka chimenecho. Ambiri a iwo sanadziwe kuti ali nako.

CHIMENE CHATSALA KU THYOLO

Anthu a ku Thyolo adziwa kale kuti mankhwala amene ayamba ndi mtengo wa olemera akhoza kufika kumudzi. M'zaka za m'ma 1990 Edzi inadzaza manda m'midzi yozungulira minda ya tiyi, ndipo anthu ambiri anati mankhwala ake sadzafika kwa wothyola masamba. Koma mu 2003 a zaumoyo a Boma pamodzi ndi madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières anayamba kugawa ma ARV m'bomali, ndipo ambiri amene anali gone anadzuka nabwerera kuntchito. Chinsinsi chake chinali chimodzi: munthu anayamba wayezetsa magazi.

Ndi nthenda ya C chiyambi chili chomwecho. Kuyeza kwake kuli pawiri. Koyamba kufanana ndi mlenje woona mapazi a nyama pa dothi: kuonetsa kuti kachiromboka kanadutsapo, koma sikunena ngati kakali pomwepo. Kwachiwiri kufuna nyamayo mwini wake, ndipo ndiko kunena ngati munthu ayenera kumwa mankhwala. Chotero wopezeka ndi mapazi okha asataye mtima, koma atsate malangizo a dokotala kufikira kuyeza kwachiwiri. Tizirombo ta C tili ta mafuko angapo, ndipo madokotala a ku Blantyre aja anapeza kuti fuko lina la kuno silimva msanga mankhwala ena. Ichi ndicho chifukwa chake mankhwalawa ayenera kusankhidwa ndi dokotala, osati kugulidwa pamsika. Wochira adziwenso kuti kachiromboka kakhoza kumlowa kachiwiri akabwerera ku singano kapena lumo lobwerekana. Ngati chiwindi chake chinali chitauma kale, apitebe kukaonedwa nthawi ndi nthawi, ndipo aleke mowa.

Oyenera kufunsa za kuyezaku ndi awa: amene analandira magazi kale, masiku oyeza asanafike, amene anabayidwa kambiri ndi singano zophika kapena ndi obaya a m'midzi, amene anatemedwa mphini ndi lumo la anthu ambiri, amene ali ndi HIV, ndi aliyense amene maso ake achita chikasu, kapena mimba yatupa, kapena atopa kosadziwika chifukwa chake. Pa 28 July chaka chilichonse maiko akumbukira matenda otupa chiwindi, pakuti ndilo tsiku lobadwa la Baruch Blumberg, koma wodwala asadikire tsiku limenelo.

Okalamba ambiri safuna kuvutitsa ana awo, ndipo akatopa angoti ndi ukalamba. Pamenepa udindo ugwera ana ndi zidzukulu. Tsiku lopuma kumunda akhale pansi ndi agogo, nawafunse mwaulemu za kale: ngati anathiridwapo magazi, ngati anabayidwapo kwa munthu woyendayenda, ngati maso awo anachitapo chikasu. Akamva zotere, awaperekeze kuchipatala nakafotokozere dokotala zonse, chiwindi chisanaume. Makolo anati safunsa anadya phula.